Fumbi ndi utsi wa m'nyumba: mapapo athu ali pa chiswe

Ndiyambe ndi funso: ndani pano wasesa m'nyumba m'mawa uno n'kuyamba kuyetsemula? Manja ambiri, eti? Ndiye nkhani ya lero ndi yathu.

Ambirife timakhala nyumba za lendi, chipinda chimodzi kapena ziwiri, kawindo kamodzi, msewu wafumbi pakhomo pomwepo. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ukapukuta tebulo m'mawa, madzulo ukhoza kulembapo dzina ndi chala. Fumbi limenelo timalipuma, ndipo mwana wokwawa amapuma lochuluka chifukwa ali pafupi ndi pansi. Kwa wodwala mphumu, n'lokwanira kumudzutsira matenda.

Kusesa pouma sikuchotsa fumbi lonse ayi. Lina limangouluka, kenako n'kutera pa mbale ndi pa zofunda. Choncho wazani timadzi musanasese, kapena kolopani. Popukuta mipando, nyowetsani kansalu. Tsegulani windo ndi chitseko, mwana akhale kaye panja. Mabulangete ndi matiresi tiziyanika padzuwa, kapeti tizikakuntha kunja, nsapato zizitsala pakhomo. Khoma likayamba chuku nthawi ya mvula, musangobisa ndi katani. Chukucho chimatsokomoletsa, ndipo podontha pafunika kukonza.

Koma mdani wamkulu ndi utsi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira chifukwa cha mpweya woipa wa m'nyumba, makamaka utsi wophikira, ndipo oposa 237,000 anali ana osakwana zaka 5. Matenda ake ndi monga chibayo, matenda a mtima ndi a m'mapapo. Tsono amene amakhala pa mbaula tsiku lililonse, mwana ali kumsana, ndi ndani? Ndi ife.

Magetsi akazima timathamangira makala, palibe wokana. Komabe mbaula tiziyatsira panja ndipo tiziphikira pakhonde kapena pamalo podutsa mphepo. Tisiye kuyatsira makala majumbo, utsi wa pulasitiki ndi poizoni. Zinyalala tisawotchere pafupi ndi windo. Ophikira nkhuni, chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa.

Ichi chokha muchigwire ndi manja awiri: kukazizira mu Juni ndi Julaye, musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, ngakhale makalawo aoneke kuti sakufuka utsi. Amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka, sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo. Mukamva mutu, chizungulire, nseru kapena kufooka mbaula ili m'nyumba, tulukani nonse msanga, mutsegule zitseko, muthamangire kuchipatala.

Pamene tikusaka nyumba timafunsa za madzi ndi magetsi. Tiziyang'ananso ngati windo limatseguka, ngati pali malo ophikira panja, ngati denga silidontha. Kuwafunsa alandilodi zimenezi si mwano, tikulipira ndalama. Ndipo kunyumbako, mopu salemba jenda: achimwene, abambo a kunyumba, nawonso agwire, chifukwa mpweyawo tikupuma tonse.

Mukafika kwanu lero, tsegulani windo, ndipo muwauze aneba za mbaula ija kuzizira kusanayambe.