MGONERO WA AMBUYE M'MIPINGO YA KWATHU

 Madzulo ano tikamba za Mgonero wa Ambuye, umene Akristu a m'midzi mwanu amadya pa mapemphero a tsiku Lamulungu. Ingakhale mfumu yosapemphera iyenera kuudziwa mwambo umenewu, cifukwa ukhudza mtendere wa pamudzi.

Mgonero unayamba pa cakudya cotsiriza cimene Yesu anadya ndi ophunzira ace asanaphedwe. Cifukwa cace pagome pamakhala mkate ndi vinyo. Koma mipingo siicita mofanana ai.

Tiyambe ndi Akatolika, amene ansembe ao anamanga misoni ya Kachebere m'caka ca 1903. Iwo amaucha Ukaristia, ndipo ucitika pa Misa iri yonse. Akhulupirira kuti wansembe akapempherera mkate ndi vinyo, zisanduka thupi ndi magazi a Kristu. Munthu wodziwa kuti wacimwa kwakukuru ayamba wakalapa kwa wansembe asanalandire. Kale ankasala cakudya kuyambira pakati pa usiku, koma kuyambira 1964 asala ora limodzi lokha. Misa inali m'Cilatini. Utatha msonkhano waukuru wa mabishopu ku Roma wa 1962 mpaka 1965, anthu anayamba kuimva m'cinenero cao. Wansembe sangathe kufika m'midzi yonse sabata iri yonse. Tsono pamene palibe wansembe, katekisiti atsogolera mapemphero, koma Misa idikira tsiku lofika wansembeyo.

A C.C.A.P. a Sinodi ya Nkhoma, amene nchito yao inayamba ku Mvera m'caka ca 1889, apemphera Lamulungu liri lonse, koma Mgonero adya kangapo pa caka. Tsiku lace lilengezedwa nthawi ikadalipo kuti anthu akonzeke. Mbusa anyema mkate napemphera, ndipo akulu a mpingo agawira anthu ali cikhalire. Adya okhawo amene anabatizidwa ndi kubvomereza cikhulupiriro cao. Woimitsidwa pa mlandu adikira kufikira atabwezedwa.

A Church of Christ adya Mgonero Lamulungu liri lonse, potsata buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 20. Safuna kudikira mbusa: amuna a mumpingo momwemo apemphera nagawira anzao.

Tsono mverani mau amene mipingo yonseyi igwirizana: munthu asadze ku gome ali ndi cidani mumtima. Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza inu mafumu. Mudziwa kuti mwezi wa Okutobala ndi Novembala, pamene anthu agalauza mizere, milandu ya malire icuruka. Wina alowetsa khasu mizere iwiri m'munda wa mnzace; wina mbuzi zace zidya mbeu za mlamu wace. Mukacedwa kuweruza mlandu wotere, anthu awiri aja aleka kupatsana moni, aleka kudya Mgonero, ndipo posacedwa mabanja ao agawikana. Mvula ikagwa, munda wa mkanganowo ukhala wosabzala, ndipo Febuluwale akafika ana ndiwo amva njala.

Cifukwa cace tikupemphani zinthu zitatu. Coyamba, weruzani milandu ya minda msanga, mvula isanagwe. Pitani kumundako ndi mboni zodziwa malire akale, musaweruzire pabwalo pokha. Caciwiri, musaitane msonkhano kapena nchito ya pamudzi Lamulungu m'mawa; Loweruka liripo. Cacitatu, kumbukani nkhalamba ndi odwala osatha kuyenda. Uzani akulu a mpingo wao kuti mbusa kapena wansembe akawaone kunyumba.

Nanunso alimi, musadikire mfumu pa kanthu kali konse. Ngati mwalakwira mnzanu, pitani kwa iye Loweruka madzulo mukapepese, ndipo mizere imene munalanda mubweze.

Mfumu ndi ya onse: Akristu, Asilamu ndi a Gule Wamkulu. Aliyense alemekeze mwambo wa mnzace.