Mandala: Dzina Limene Makolo Athu Anapereka



Ndapemphedwa kuti ndinene mawu pang'ono za Mandala, kadera kakang'ono kamene kali pakati pa tauni ya Blantyre ndi Ginnery Corner. Munthu woyenda pansi akhoza kukadutsa asanatope, komatu mbiri yake ndi yolemera kuposa ya madera ambiri akuluakulu.

Mu 1876 amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Mishoni ya Blantyre m'dziko la Mfumu Kapeni. Mu 1878, ku Glasgow kunakhazikitsidwa kampani yamalonda imene pambuyo pake inatchedwa African Lakes, ndipo oiyendetsa kuno anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a m'maso amene ankanyezimira padzuwa. Makolo athu, amene sankachedwa kupatsa mlendo dzina, anamutcha Mandala. Dzinalo linachoka pa munthu n'kufika pa nyumba yake, pa kampani, pa masitolo ake m'dziko lonse, mpaka pa dera lonseli. Dzina la Blantyre linachokera kwawo kwa David Livingstone, koma la Mandala linatuluka m'kamwa mwa eni nthaka.

Nyumba ya Mandala, yosanja ndi ya khonde lalikulu, inamangidwa mu 1882. Imadziwika kuti ndiyo yakale koposa mwa nyumba za mamangidwe achizungu zimene zikadaima m'Malawi. Inayamba kuima ndiyo, tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinatha mu 1891, chisanamangidwe.

Mabuku amatchula kawirikawiri abale a Moir. Koma mutu umodzi susenza denga. Ndani anaponda dothi? Ndani anaumba njerwa ndi kucheka matabwa? Ndani anasenza katundu? Chifukwa cha mathithi a mtsinje wa Shire, sitima zochokera kumunsi zinkathera kwa Katunga, ku Chikwawa. Kuchokera kumeneko amtengatenga ankakwera mapiri, nsalu, mikanda ndi zitsulo za sitima zili pamutu, n'kudzatula pa Mandala, kenaka n'kupitirira mpaka ku Matope, kumene sitima zina zinkadikira. Njanji isanafike ku Blantyre mu 1908, malonda onsewa ankayenda pa makosi a anthu amenewa. Maina awo sali pa chipupa chilichonse.

Mkwiyo wa nthawi imeneyo nawo unafika pa Mandala. Mu Januwale 1915, anthu a Mbusa John Chilembwe anathyola nyumba yosungira mfuti ya kampaniyi usiku, koma anangotulukamo ndi mfuti zochepa.

Pambuyo pake deralo linakhala la nyumba za mapoloti aakulu, mitengo italiitali ndi misewu yamithunzi. M'nthawi ya atsamunda, munthu wakuda ankalowamo makamaka ngati wophika, wosamalira maluwa kapena mlonda, n'kumagona m'kanyumba ka kuseri. Bata limene timalikonda ku Mandala lero linaleredwa ndi manja amenewo.

Tsopano zinthu zikusintha. Nyumba zogona zikusanduka maofesi ndi malo ogona alendo, mipanda ya njerwa ikutalika, mitengo yakale ikugwa. Chitukuko sitikuchikana. Koma mtengo wa zaka zambiri umagwa tsiku limodzi, ndipo nkhalamba imene inamva nkhani za mtengatenga kwa agogo ake ikatisiya, imapita nazo kumanda.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, tikhale pansi ndi akuluakulu amene iwo kapena makolo awo anagwirapo ntchito ku Mandala, tilembe zimene akudziwa, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Chachiwiri, aphunzitsi anzanga, titengere ophunzira athu ku nyumba ya Mandala, kumene bungwe la Society of Malawi limasunga mabuku ndi zithunzi zakale, kuti akaone ndi maso zimene amangoloweza pokonzekera mayeso. Chachitatu, eni malo ndi khonsolo ya mzinda aganize kawiri asanagwetse nyumba yakale kapena kudula mtengo.

Makolo athu anapatsa malowa dzina ndi thukuta lawo. Ife tiwabwezere malo awo m'mbiri.