Mafuta a nzimbe, mabatire a miyala ndi thukuta la wantchito

Mu mzinda uno wa Bulawayo, ndiyankhula za mafuta atsopano a galimoto. Ena angafunse kuti nkhani imeneyi ikutikhudza bwanji, popeza ambiri a ife tilibe galimoto. Yankho ndi lakuti mafuta alionse amene ayendetsapo dziko lino anadzera m'manja mwa wantchito, ndipo kawirikawiri manjawo anali a anthu obwera ngati makolo athu.

Sitima za pamtunda zimene zinakuza mzinda uno zinkayendera malasha a ku Wankie, kumene lero tikuti Hwange. Pa 6 June 1972 mgodi wachiwiri wa kumeneko unaphulika, ndipo anthu 427 anafa. Ambiri mwa iwo anali ochokera ku Zambia, Mozambique, Malawi ndi Tanzania. Umenewo ndiwo unali mtengo wa mafuta a nthawi imeneyo. Lero dziko lapansi likufuna kusiya malasha, petulo ndi dizilo chifukwa utsi wake ukudwalitsa anthu ndi kusokoneza nyengo. Cholinga chimenechi n'chabwino, ndipo ife tikuchivomereza. Funso lathu ndi lakuti, kodi mtengo wa mafuta atsopanowa adzalipira ndani?

Tiyambe ndi mafuta a nzimbe, otchedwa ethanol. Ku Triangle anayamba kuwapanga mu 1980 kuchokera ku madzi akuda otsala popanga shuga. Kwathu ku Malawi, fakitale ya ETHCO ku Dwangwa inayamba mu 1982, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inatsatira mu 2004. Kuno ku Zimbabwe, fakitale yaikulu ya Green Fuel ku Chisumbanje inayamba mu 2011, ndipo kuyambira mu 2013 lamulo likukakamiza kuti petulo azisakanizidwa ndi ethanol. Mukamva kuti E10 kapena E20, ndiye kuti pa malita 100 alionse, malita 10 kapena 20 ndi a nzimbe.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Nzimbe pokula zimayamwa mpweya womwewo umene injini imatulutsa, komanso dziko limasunga ndalama zakunja zimene likadagulira mafuta. Koma madalaivala ndi amakaniko adziwe zinthu zitatu. Choyamba, lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya petulo, choncho thanki ya E20 imatha msanga pang'ono. Ngati mwini galimoto amakupatsani malita owerengeka ndi ndalama yoti mubwere nayo madzulo, kambiranani naye za kusiyana kumeneku, kuti kusachoke m'thumba mwanu. Chachiwiri, ethanol amakoka madzi, ndiye galimoto yoima nthawi yaitali imachita dzimbiri m'thanki. Chachitatu, amadya mapaipi a labala a galimoto zakale. Dalaivala asadulidwe malipiro chifukwa cha vuto lobwera ndi mafuta.

Tikumbukirenso kumene mafutawa amayambira. M'minda ya ku Triangle ndi Hippo Valley, kumene ana ndi adzukulu a anthu a kwathu akadalipo, nzimbe zambiri zimadulidwa ndi chikwanje pa dzuwa loswa mtengo, ndipo odula ambiri amalembedwa ntchito ya nyengo yokha. Ku Chisumbanje, anthu a m'midzi akhala akudandaula kwa zaka zambiri za malo awo olima amene anasanduka minda ya nzimbe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tibwere ku galimoto zoyendera magetsi. Zimenezi sizitulutsa utsi pamsewu, koma batire lake limafuna mwala wa lithium, umene Zimbabwe ili nawo wochuluka ku Bikita, ku Arcadia kufupi ndi Harare, ku Fort Rixon ndi ku Kamativi. Mu December 2022 boma linaletsa kutumiza kunja mwalawu usanayengedwe. Dzina la Kamativi litikumbutse kanthu. Mgodi wa tin wa kumeneko utatsekedwa mu 1994, mabanja ambiri a anthu obwera anatsala padzuwa, opanda ntchito, opandanso mudzi wobwererako. Lero malo omwewo adzukanso chifukwa cha lithium. Mwalawu ukamaphwanyidwa umatulutsa fumbi limene limaumitsa mapapo pang'onopang'ono, ndipo matenda ake alibe mankhwala. Wolowa ntchito imeneyi ayenera kupimidwa m'chifuwa, kupatsidwa zotchinga mphuno zenizeni, ndi kulembetsedwa ku NSSA.

Nawonso magetsi odzazira mabatirewo amachokera ku Kariba ndi ku malasha a Hwange, kumene makina awiri atsopano anayamba kugwira ntchito mu 2023. Choncho utsi sunathe, wangosamukira kumene kumakhala ogwira ntchito m'migodi.

Kwa amakaniko athu a ku Kelvin ndi Belmont, kusinthaku n'kwakukulu. Galimoto ya magetsi ilibe mapulagi, ilibe ekizozi, sifuna oyilo wa injini. Ntchito zina zidzachepa. Ngakhale galimoto zogwiritsa ntchito petulo ndi batire pamodzi, zimene zafika kale m'misewu yathu kuchokera ku Japan, zili ndi magetsi okhoza kupha munthu wogwira waya mosadziwa. Safunsa anadya phula. Tipemphe kuti maphunziro a ntchito zatsopanozi afikenso kwa ana athu ophunzira pansi pa mtengo, osati okhawo amene ali ndi mapepala a sukulu.

Pamenepa ndi pamene pafunika chiphaso. Ambiri a ife anatchedwa alendo m'dziko limene anabadwiramo, makamaka lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001. Koma ndime 43 ya malamulo aakulu a dziko a 2013 ikuti munthu wobadwira kuno malamulowo asanalengezedwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo ankakhala kuno pamene malamulowo ankalengezedwa, ndi nzika mwa kubadwa. Ndime 65 ikupereka kwa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka ndi kulandira malipiro oyenera. Amene mukadali ndi chitupa cha mlendo, pitani mukachisinthe, chifukwa popanda chiphaso n'kovuta kupeza kontirakiti yolembedwa, maphunziro kapena chipukuta misozi.

Pomaliza, ndikupempheni kuti mulowe m'mabungwe a ogwira ntchito, musunge kalata iliyonse ya malipiro, ndipo musalole kulowa mu fumbi popanda chodzitetezera. Mpweya wabwino tikuufuna pa Egodini ndi pa Renkini, tikuufunanso m'munda wa nzimbe ndi pansi pa mgodi.