Kafukufuku Wathu Asathere M'kabati

 

Mu 1989, Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo, akugwira ntchito pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, analemba njira yoyezera mwana amene wakomoka ndi malungo a mu ubongo. Sifuna makina ayi. Mumaona ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, mumamvetsera kaliridwe kake, mumaona mmene akugwedezekera akamva kuwawa, kenako mumapereka malikisi osapitirira 5. Njirayi inasindikizidwa mu Quarterly Journal of Medicine, magazini ya bungwe la madokotala a ku Britain ndi Ireland. Lero ikugwiritsidwa ntchito m'zipatala za mayiko ambiri, ndipo dzina la Blantyre likutchulidwa pambali pa bedi la mwana wodwala kutali ndi kuno. Ikanangotsala m'kope la mu wodi, ndani akanaidziwa?

Nafenso tili nawo magazini a mabungwe athu. Malawi Medical Journal inayamba ikutchedwa Medical Quarterly, ndipo aliyense angathe kuiwerenga mwaulere pa intaneti. Society of Malawi Journal ndiye nkhalakale, inayamba mu 1948. Ubwino wa magazini yotere ndi woti eni ake ndi inu nomwe. Mkonzi wake safuna kumufotokozera chifukwa chimene kolera wa ku Nsanje alili nkhani yaikulu.

Kwa inu achinyamata, ndikudziwa kuti zimapweteka. Mwakhala miyezi mukusonkhanitsa zitsanzo za magazi, mwalemba usiku magetsi atathima, kenako pepala likubwerako akatswiri awiri atalitokosa mzere uliwonse: odwala achepa, chiwerengero ichi sichikugwirizana ndi tebulo lachitatu. Musakwiye. Yankhani funso lililonse modekha, konzani, tumizaninso. Amene muyenera kumuopa ndi uja wokutumizirani imelo yokuyamikirani, n'kulonjeza kusindikiza pasanathe sabata mukangolipira madola. Kumeneko palibe amene amawerenga pepala lanu, ndipo dzina lanu limadetsedwa. Komanso mankhwala amene mumayesa akapanda kugwira ntchito, lembanibe. Mupulumutsa mnzanu amene akanataya zaka pa njira yomweyo.

Akuluakulu anzanga, mkonzi akakupemphani kuunika pepala, musalisunge mpaka mvula ibwerenso. Ndi ntchito yopanda malipiro, inde, koma wina anaigwira pa pepala lanu loyamba. Ndipo inu amene mumakhala m'makomiti okweza anthu pa ntchito, werengani zimene munthu walemba, musangoyang'ana kuti zasindikizidwa ku London kapena ku Blantyre. Mukamapeputsa magazini athu, aphunzitsi achinyamata adzapitiriza kutumiza kunja zabwino zonse, kuno n'kumatisiyira makombo.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti msonkhano uno watsegulidwa.