MWANA WANGA AKUFUNA UFA WOKULITSA MINOFU: KODI NDIMUGULIRE?

Mawu a namwino kwa amayi a pasikelo m'boma la Mwanza, atatha kumvera limodzi sewero la pa wailesi

Tisanayambe kukweza ana pasikelo, tiyeni tikambirane pang'ono za sewero tangomvera lija. Lero sitikamba za khanda limene muli nalo kumbuyoko ayi. Tikamba za mkulu wake uja mwamusiya kunyumba, wa zaka 13, 14 kapena 15.

Mwamva mmene zinayendera. Mnyamata wa Sitandade 8 wayamba kunyamula zitini zothira simenti pamodzi ndi anzake kuseri kwa golosale. Tsiku lina mnzake wamuonetsa chitini chachikulu cha ufa chimene achimwene ake anabwera nacho kuchokera ku Joni. Pachitinipo pali chithunzi cha chimunthu cha chidali chotakata ndi mikono ngati misi. Kufika kunyumba, mnyamata uja wauza mayi ake kuti akagulitsa manachesi amugulire ufawo. Mayi atakana, mwana wanyanyala nsima, akuti nyemba ndi ndiwo za anthu ofooka. Bambo nawo akuti, "Ingomugulirani aleke kutisokosa." Sewero latha mayi ali ndi ndalama m'manja, akusowa chochita.

Ndaona ena mukuseka, koma ena munangoti zii, chifukwa nkhaniyi ili m'nyumba mwanu. Ife kuno tili pamsewu. Mabasi ndi malole ochokera ku Johannesburg amadzera ku Zimbabwe, kuoloka Zambezi pa Tete, kufika pa Zobue ndi kulowa pachipata chathu cha Mwanza. Katundu wachilendo amayamba kuoneka kuno asanafike ku Blantyre. Komanso ana athu amaona pafoni anthu otupa minofu akumwa ufa woterewu. Tsono funso la mayi uja ndi lathu tonse: timugulire?

Yankho langa ndi lakuti ayi. Mwana wa msinkhu umenewu amene ali bwinobwino safunika ufawu. Koma sindikufuna kuti mungomvera chifukwa wanena ndi namwino. Ndikufuna mumvetse, kuti mwana akakufunsani chifukwa chake mukhale ndi pomuyankha.

KODI UFAWU NDI CHIYANI?

Ambiri a inu mukukumbukira phunziro la zakudya zomanga thupi, zimene achipatala amati mapuloteni. Zimenezi ndi zimene thupi limamangira minofu, magazi, khungu ndi tsitsi. Timazipeza mu nyemba, nandolo, khobwe, mtedza, soya, mazira, nsomba, nyama ndi mkaka.

Ufa wa m'chitini uja ndi mapuloteni omwewa, kungoti anawaumitsa ku fakitale. Wambiri amaupanga kuchokera ku madzi otsala akamapanga tchizi kuchokera ku mkaka, ndipo pachitini amalemba kuti whey. Wina amaupanga kuchokera ku soya. Kenaka amathiramo zotsekemera ndi zonunkhiritsa. Mulibe matsenga mmenemo. Ndi chakudya cha mumphika mwanu chimene chavala suti ndi kukwera mtengo.

KODI MWANA AMAFUNA ZOCHULUKA BWANJI?

Akatswiri a zakadyedwe amati mwana wa zaka 9 mpaka 13 amafuna mapuloteni okwana pafupifupi magalamu 34 patsiku. Kuyambira zaka 14 mpaka 18, mnyamata amafuna pafupifupi magalamu 52, pamene mtsikana amafuna 46.

Tsopano tiyeni tiwerenge za m'mbale mwathu. Nsima ya masana ndi yamadzulo, makamaka ya mgaiwa, imapatsa mnyamata wodya bwino magalamu 20 kapena kuposerapo. Kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15. Dzira limodzi lili ndi 6. Mtedza wodzadza dzanja limodzi uli ndi pafupifupi 7. Usipa wouma wodzadza dzanja uli ndi oposa 10. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti zapitirira kale 52, koma simunatsegule chitini chilichonse.

Chinanso chofunika kudziwa ndi ichi. Mapuloteni a m'chimanga ndi operewera mbali ina, koma mbali imeneyo nyemba ndi nandolo zili nayo yambiri. Nsima ndi nyemba zikakumana m'mimba zimakwaniritsana. Choncho ndiwo zimene mnyamata wa m'sewero ankazinyoza ndi zomwezo zimene akanamangira thupi limene akulifuna.

Nanga akadya zopitirira muyeso? Thupi lilibe nkhokwe yosungiramo mapuloteni otsala. Silisandutsa otsalawo kukhala minofu ayi. Limangowagwiritsa ntchito ngati mphamvu wamba kapena kuwasandutsa mafuta, ndipo zinyalala zake impso zimazitulutsira mu mkodzo. Kunena mosabisa, ndalama zambiri za manachesi zija zingathere kuchimbudzi.

NANGA MINOFU IMACHOKERA KUTI?

Mwana wamwamuna amayamba kutakata mapewa ndi kulimba mikono akamatha msinkhu, pamene mawu ayamba kukula ndipo ndevu zayamba kumera. Nthawi imeneyo thupi lake limapanga lokha michere imene imakulitsa minofu. Ena zimawayambira ali ndi zaka 12, ena mpaka 15 kapena 16. Ana awiri a kalasi imodzi akhoza kuoneka wina ngati bambo, wina ngati kamwana, koma onse ali bwino. Amene wachedwayo ndi amene amakopeka msanga ndi chitini. Muuzeni kuti nthawi yake ikubwera, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'chaka cha 2016 bungwe la madokotala a ana ku America, la American Academy of Pediatrics, linaunika nkhani imeneyi. Linanena kuti kwa achinyamata ambiri ochita masewera, zinthu zoonjezera mphamvuzi sizipindulitsa kwenikweni kuposa zimene kutha msinkhu, kudya bwino ndi kuchita masewera moyenera zimabweretsa kale.

Choncho zomanga minofu ndi zitatu: chakudya chokwanira, ntchito kapena masewera, ndi tulo. Wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Mwana amene amachezera foni kapena kanema mpaka pakati pa usiku akudzibera yekha.

Musamuletse masewera. Mpira, kuthamanga, kupalasa njinga, ma push-up ndi kudzikweza pamtanda wa mtengo ndi zabwino ndithu. Ngakhale kunyamula zolemera pang'ono sikupinimbiritsa mwana ngati pali wamkulu wodziwa amene akumuonetsa kanyamulidwe. Choopsa ndi mpikisano wa kuseri kwa golosale, woti tione anganyamule chitsulo cha galimoto ndani. Mmenemo ndi mmene ana amavulalira msana ndi mapewa.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Akanakhala kuti ufawu umangotha ndalama, sindikanalankhula nthawi yaitali chonchi. Koma pali zina.

Choyamba, zolembedwa pachitini si nthawi zonse zimafanana ndi zam'kati. M'zaka za 2000 ndi 2001 akatswiri a ku Cologne m'dziko la Germany, mothandizidwa ndi bungwe loyendetsa masewera a Olympic, anagula zakudya zoonjezera za anthu amasewera zokwana 634 m'maiko 13 ndi kuziyeza. Mwa zimenezi, 94 zinapezeka ndi mankhwala a mtundu wa steroid amene sanalembedwe pachitini. Apa ndiye kuti pafupifupi chimodzi mwa zisanu ndi ziwiri zilizonse. Ngati zinali choncho ndi katundu wa m'masitolo a maiko olemera, nanga ufa wopimidwa m'kajumbo kopanda dzina, wogulitsidwa padepoti?

Mankhwala a steroid ndi oopsa kwambiri kwa mwana amene akukula. Mafupa a mwana ali ndi malo ofewa kumapeto kwake, ndipo pamenepo ndi pamene amatalikira. Mankhwalawa amatseka malowo nthawi isanakwane, ndipo akatsekeka satsegukanso. Mwana amene ankafuna kukhala chimphona amatsala wamfupi moyo wake wonse. Amathanso kuononga chiwindi, kukweza kuthamanga kwa magazi, kutulutsa ziphuphu zambiri, kumeretsa mabere mwa mnyamata ndi kumusandutsa wolusa.

Chachiwiri, ufa wochokera ku mkaka umatupitsa mimba ndi kutsegula m'mimba anthu amene mkaka suwayanja, ndipo oterewa pakati pathu alipo ambiri. Ufa wina, umene amati ndi wonenepetsa, ndi wodzadza ndi shuga. Mwana akamwa amakhuta, nsima ndi masamba n'kuzisiya, ndipo amataya zofunika zina zimene ufawo ulibe.

Chachitatu ndi ndalama. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Ndalama ya chitini chimodzi ingathe kugula mazira, usipa ndi mtedza zodya banja lonse kwa masiku ambiri. Mukagulira mmodzi chitini, amene walipira ndi kamwana kali kumbuyo kwanuko.

MAWU AWIRI APADERA

Loyamba ndi la atsikana. Iwo kawirikawiri safuna mikono, koma anzawo amawanyengerera kumwa mapiritsi kapena mankhwala amadzi oti anenepe ndi kukula mbina. Ena mwa mankhwalawa ndi a matenda ena, ndipo kuwamwa popanda dokotala kumabweretsa tulo tosatha, kutupa nkhope, matenda a shuga ndi kufooka kwa chitetezo cha m'thupi. Mtsikana amene wayamba kusamba chimene amasowa kwambiri ndi zakudya zoonjezera magazi: nyemba, bonongwe, chisoso, nkhwani, usipa ndi chiwindi. Mupatseninso nachesi akatha kudya, chifukwa zipatso zoterezi zimathandiza thupi kutenga mchere wopanga magazi kuchokera m'masamba ndi nyemba. Manachesi tili nawo pakhomo, tisamangogulitsa onse.

Lachiwiri ndi la chiponde. Chiponde chimene timapereka kuno ndi mankhwala a mwana wonyentchera, ndipo timachipereka mowerengera kulemera kwake. Si cha mkulu wake wonyamula zitsulo, si cha bambo, ndipo si chogulitsa. Paketi iliyonse imene wadya wina ndi tsiku limodzi limene mwana wodwala wabwerera m'mbuyo.

TSONO TICHITE CHIYANI?

Musayambe ndi kukalipa. Mwana amene akufuna thupi lamphamvu sakufuna chinthu choipa. Mwina anzake akumuseka kuti ndi woonda. Khalani naye pansi, mumufunse chimene chikumuvuta, ndipo mumuuze kuti mumuthandiza kulimbitsa thupi m'njira yoona.

Kenaka onetsani m'mbale kuti mwamva. M'mawa asapite kusukulu ndi njala: phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga ndi lokwanira. Likuni Phala amene mumamudziwa uja ndi nzeru yomweyi, chimanga kuphatikiza soya. Soya azikhala wokazinga kapena wophika bwino, ndipo mtedza muzisankha, wachuku ndi wowola kutaya. Akachoka ku mpira apeze mbatata, nthochi kapena mtedza. Yesetsani kuti patsiku adyeko kuchokera m'magulu onse asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ngumbi, ziwala ndi mbewa nazo ndi zanyama, musazipeputse. Nandolo amene timalima m'minda mwathu tisiyeko wina wodya.

Bambo ake ndi amalume ake akhale mbali yanu. Mnyamata wa msinkhu uwu amamva msanga mawu a mwamuna mnzake. Ndipo m'bale amene ali ku Joni akafunsa kuti abweretse chiyani, muuzeni nsapato za mpira kapena mabuku.

Ngati mwapeza kale ufa kapena mapiritsi m'chikwama mwake, musataye mwakachetechete. Bwerani nazo pamodzi ndi mwanayo kuno ku chipatala cha boma, kapena ku chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi monga ku Thambani kapena ku Kunenekude, kapenanso kaonetseni alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu. Dziwani kuti mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo zakudya zimayang'aniridwa ndi Malawi Bureau of Standards. Chinthu chopanda dzina la wopanga ndi tsiku lothera ntchito asachiike m'kamwa.

Pomaliza, alipo ana amene akuonda chifukwa cha matenda. Mwana akamatsika thupi, kutsokomola nthawi yaitali, kutuluka thukuta usiku, kutsegula m'mimba kosatha, kumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, kapena kutuwa m'maso ndi m'manja, ameneyo safuna chitini. Akufuna kuyezedwa. Achipatala akaona kuti akufunika chakudya chapadera, adzamupatsa choyenera ndi muyeso wake.

Mayi wa m'sewero uja tamusiya ali ndi ndalama m'manja. Ndikanakhala naye pafupi ndikanamuuza kuti apite kumsika, agule usipa, mazira ndi mtedza, aphike, aitane ana ake onse. Tiyeni tiyambe sikelo.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Mukanakhala mayi wa m'sewero, mukanamuyankha bwanji mwana wonyanyala nsima popanda kumuchititsa manyazi?

2. Tchulani zakudya zomanga thupi zimene zimapezeka m'mudzi mwanu nthawi ya dzinja, ndi zimene zimapezeka nthawi ya chilimwe.

3. Kodi m'nyumba mwanu ndani amalandira ndiwo zambiri? Nanga ana amene akutha msinkhu, anyamata ndi atsikana omwe, amakhuta?

4. Mungachite chiyani mutaona mwana wa mnzanu akumwa mapiritsi onenepetsa kapena akudya chiponde cha mng'ono wake?