Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wopereka Mphoto: Phindu la Kulemba Dayale

Mwa mphoto zimene zaperekedwa lero muli makope, ndipo mawu ano akukhudza ntchito imene kope lingagwire kunja kwa kalasi, ndiyo kukhala dayale, kutanthauza buku limene munthu amayamba walembamo deti la tsikulo, kenako zimene zamuchitikira, zimene waganiza ndi zimene zamusautsa.

Phindu lalikulu la dayale n'lakuti limasunga nkhani mmene inalili, pamene mutu wa munthu umaikonza mwini wake osadziwa, kuchotsa zochititsa manyazi ndi kukometsa zotsalazo. Umboni wake uli pa David Livingstone, amene mzinda wa Blantyre unatchedwa dzina la kwawo ku Scotland. Mu 1871, ali ku Nyangwe m'dziko lomwe lero ndi Democratic Republic of Congo, mapepala ndi inki zinamuthera, kotero ankalemba pa nyuzipepala yakale ndi utoto wofinya kuchokera ku njere za chomera china, ndipo pa 15 Julaye anaona amalonda a akapolo akupha anthu mazanamazana pamsika, ambiri mwa iwo amayi. Utotowo unafufutika mpaka zolembazo kusawerengeka, koma mu 2011 akatswiri anaziwerenga atazijambula ndi kuwala kwa mitundumitundu, kuphatikizapo kumene diso la munthu silikuona, ndipo anapeza kuti zimene analemba nthawi yomweyo, monga nkhawa yoti mwina anthu a m'gulu lake anatengako mbali, zinasiyana ndi nkhani imene anadzailemba pambuyo pake ataisalaza. Ngati zinatero kwa mkulu wozolowera kulemba ngati ameneyu, wophunzira amene akuti anawerenga mokwanira mayeso asanafike ayenera kufunsa kaye dayale lake.

Phindu lina likukhudza thanzi. Mu 1986, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, James Pennebaker, pamodzi ndi Sandra Beall, anasindikiza kafukufuku momwe ophunzira a payunivesite analemba kwa mphindi 15 pa tsiku, masiku anayi otsatizana, za zowawa zimene anakumana nazo ndi mmene zinawakhudzira mumtima, ndipo m'miyezi yotsatira ophunzirawo anapita kuchipatala maulendo ochepa poyerekeza ndi anzawo amene analemba nkhani wamba. Nkhawa ikaikidwa m'ziganizo imaoneka poyambira ndi pothera pake, ngakhale kuti kope sililowa m'malo mwa dokotala kapena phungu vuto likakula.

Nawo alimi amene amalemba m'dayale tsiku limene mvula yobzalira inagwa, limene anathira feteleza ndi matumba amene anakolola, sayendera zongoganizira chaka chotsatira.

Dayale limathandiza pokhapokha wolembayo akunena zoona, ndipo palibe mwana amene angalembe zoona akudziwa kuti wina afukula chikwama chake iye akangochoka. Apa makolo ndi aphunzitsi, ngakhale achite ndi cholinga chabwino, amalakwitsa. Choncho akuluakulu akupemphedwa kusiya makope amenewa m'manja mwa eni ake, ndipo ophunzira onse, olandira mphoto ndi osalandira omwe, akupemphedwa kupatula kope limodzi, kulemba deti la lero patsamba loyamba ndi kuyambapo madzulo ano.