Mimba yaikulu si mphamvu: phunziro lochokera ku masewera a nkhonya

 Lero m'pulogalamu yathu ya zaumoyo tikamba za kulemera kwa thupi, ndipo tiyambira ku masewera a nkhonya.

Kwathu kuno bambo akatuluka mimba timati zinthu zikumuyendera. Mayi akanenepa pabanja timati mwamuna wake akumusamala. Wina akaonda, anthu amayamba kunong'onezana. Maganizo amenewa ali ndi pochokera, chifukwa taonapo njala ndiponso matenda oondetsa. Koma kunenepa nakonso kuli ndi malire ake, ndipo anthu a nkhonya amalidziwa bwino phunziro limeneli.

Nkhonya isanachitike, omenyana onse awiri amakwera pasikelo. Amagawidwa m'magulu potengera kulemera kwawo. Mwachitsanzo, Isaac Chilemba wa ku Blantyre, amene mu 2016 anamenyana ndi Sergey Kovalev ku Russia mpaka kumaliza maraundi onse 12, anali m'gulu losapitirira makilogalamu 79.4. Gulu la pamwamba penipeni, lotchedwa heavyweight, limayambira pamwamba pa makilogalamu 90.7 ndipo lilibe denga. Munthu angathe kulemera mmene angafunire. Kukanakhala kuti kulemera ndiyo mphamvu, bwenzi wolemera kwambiri akupambana nthawi zonse. Sizili choncho. Nkhonya yolimbirana lamba imakhala ya maraundi 12 a mphindi zitatuzitatu, ndipo imafuna mtima wolimba, mpweya wokwanira ndi miyendo yosatopa msanga.

Tamvani nkhani ya James Douglas wa ku America, amene ambiri amamudziwa kuti Buster. Pa 11 February 1990, mumzinda wa Tokyo ku Japan, anakumana ndi Mike Tyson, amene pa nthawiyo anali asanagonjepo chiyambire nkhonya yolipidwa. Masiku 23 nkhonyayo isanachitike, mayi ake a Douglas anali atamwalira ndi sitiroko. Douglas anakonzekera mwamphamvu, anakwera pasikelo ali ndi makilogalamu 105, ndipo anagwetsa Tyson mu raundi ya nambala 10. Dziko lonse linadabwa.

Patangopita miyezi isanu ndi itatu, pa 25 October chaka chomwecho, Douglas anakateteza malamba ake kwa Evander Holyfield. Ulendo uno sikelo inaonetsa makilogalamu pafupifupi 112, pamene Holyfield anali ndi 94 okha. Munthu anali yemwe uja, msinkhu womwe uja, koma makilogalamu owonjezerawo sanali minofu. Holyfield anamugwetsa mu raundi yachitatu, malamba onse n'kupita. Douglas atasiya nkhonya anapitiriza kunenepa mpaka kuyandikira makilogalamu 180, ndipo mu 1994 anakomoka ndi matenda a shuga, kutsala pang'ono kufa. Chosangalatsa n'chakuti atachira anasintha kadyedwe, anachepetsa thupi, ndipo mu 1996 anabwereranso m'bwalo n'kupambana nkhonya zingapo motsatizana.

Mwina wina kumeneko akuti, nanga Andy Ruiz bwanji? Zoonadi, mu June 2019 ku New York, Ruiz, munthu wamimba wolemera makilogalamu oposa 121, anagonjetsa Anthony Joshua wa ku Britain amene thupi lake linali minofu yokhayokha. Koma nthawi imeneyo Ruiz anali atachita zolimbitsa thupi mokwanira, manja ake anali achangu ndipo mpweya anali nawo. Atakumananso mu December ku Saudi Arabia, Ruiz anali atawonjezera makilogalamu 7, pamene Joshua anali atachepetsako. Joshua anapambana mosavuta, ndipo Ruiz anavomera yekha pamaso pa atolankhani kuti anatanganidwa ndi chisangalalo ndipo sanakonzekere bwino.

Mwaona kuti onse awiri anagwa pa nthawi imene zinthu zinayamba kuwayendera. Ndalama zitabwera, chakudya chinachuluka, thukuta linachepa. Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife.

Inu amene mumalima ndi khasu, kusenza matumba a kachewere kukwera nawo zitunda, kutunga madzi ndi kuyenda wapansi kupita kumsika, thupi lanu likugwira kale ntchito yokwanira. Amene tikufuna atchere khutu kwambiri ndi inu amene moyo wasintha: munayamba geni ndipo mumakhala pampando m'sitolo tsiku lonse, munagula njinga yamoto ndipo simuyendanso ngakhale popita kutchalitchi, mumagwira ntchito ya muofesi, kapena mukagulitsa fodya ndi kachewere mumatha miyezi mukudya chipisi, kanyenya ndi kumwa mowa tsiku ndi tsiku. Khasu munalisiyira aganyu, koma nsima yanu ikadali mitanda yomwe ija ya nthawi yolima.

Mafuta oopsa kwambiri ndi a pamimba, chifukwa amazinga chiwindi ndi ziwalo zina zam'kati. Amachititsa kuti thupi lizilephera kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi, ndipo amakweza kuthamanga kwa magazi, kumene ena amati BP, ena amati tensão. Vutoli nthawi zambiri silipweteka. Munthu amayenda nalo zaka osadziwa, mpaka tsiku lina kudzuka mkono ndi mwendo zitafa, pakamwa patapotoka. Shuga nayenso amawononga maso ndi impso, ndipo kachilonda kakang'ono ka kuphazi kamakana kupola. Taganizirani nyumba yanu zimenezi zitachitika mwezi wodzala: adzalima ndani, ndipo ndalama ya feteleza idzathera kuti? Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Inu amene banja lonse likudalirani, nkhonya ya matenda ikakugwerani imagwera nyumba yonse.

Kunyumba mulibe sikelo, koma chingwe muli nacho. Imani chilili, wina ayeze chingwe kuyambira pamutu panu mpaka pansi pa chidendene, adule pamenepo. Chipindeni pakati. Tsopano chizungulizeni m'chiuno mwanu, pamwamba pang'ono pa mchombo, musakoke mimba. Ngati mapeto ake akumana, zili bwino. Ngati sakukumana, ndiye kuti mimba yanu yapitirira theka la msinkhu wanu, ndipo nthawi yakwana yoti muchitepo kanthu. Muyeso umenewu si wa amayi oyembekezera kapena ana aang'ono.

Choyamba, pitani kuchipatala chapafupi mukayezetse BP ndi shuga, ngakhale musakumva kupweteka kulikonse. BP ikamapezeka pa 140 ndi 90 kapena kuposerapo maulendo angapo, ndiye kuti yakwera. Ngati bambo, mayi kapena m'bale wanu anadwalapo shuga kapena sitiroko, auzeni anamwino.

Chachiwiri, yang'anani mbale yanu. Sitikunena kuti musiye nsima. Chepetsani mtanda umodzi, ndipo malo akewo mudzaze ndiwo zamasamba monga nkhwani, mpiru, bonongwe, chisoso ndi kabichi, pamodzi ndi nyemba kapena usipa. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Kachewere wophika ndi chakudya chabwino, koma akamira m'chiwaya cha mafuta tsiku lililonse amasanduka katundu pamimba. Chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera cha mamililita 330 chimatha kukhala ndi shuga woposa masupuni ang'onoang'ono 8. Imwani madzi, ndipo shuga wa mu tiyi muzichepetsa pang'onopang'ono. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Amayi, kumbukirani kuti caldo nayenso ndi mchere wambiri, choncho mukathira ameneyo musawonjezerenso wina.

Chachitatu, tulutsani thukuta. Kuyenda ndawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata, n'kokwanira poyambira. Siyani njinga yamoto pa maulendo apafupi, bwererani kudimba, vinani, menyani mpira ndi ana. Musagule mankhwala a pamsika olonjeza kusungunula mafuta, ndipo musadzikhalitse ndi njala. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tisanatseke, pali zinthu zitatu zoti tisasokoneze. Kuonda popanda chifukwa si chinthu chosangalalira. Ngati mukuonda kwinaku mukutsokomola, kutuluka thukuta usiku, kumva ludzu kwambiri kapena kukodza pafupipafupi, thamangirani kuchipatala, chifukwa chingathe kukhala chifuwa chachikulu, HIV kapena shuga amene. Kutupa nakonso si kunenepa: mwana wotupa mapazi, kapena mayi woyembekezera wotupa nkhope ndi manja, afunika kuonedwa tsiku lomwelo. Ndipo inu amene mukumwa ma ARV, ngati thupi layamba kuwonjezeka kwambiri, musasiye mankhwala. Kambiranani ndi achipatala kapena APE wa m'dera lanu. Ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asachepetsedwe chakudya chifukwa cha zimene mwamva lero.

Usiku uno pezani chingwe, muyezane m'banjamo, ndipo amene chingwe chamukana mumuperekeze kuchipatala sabata ino, osamuseka.